Kodi Kusintha Magiya a Galimoto Kungachepetse Mafuta pa Ulendo Wautali?

Galimoto ikakhala pa msewu wautali wowongoka, injini imatha kulira mokweza kwa maola angapo osapuma. Madalaivala ambiri akamva kulira kumeneku amalakalaka pakanakhala giya ina pamwamba pa yomaliza ija. Ena sangolakalaka ayi. Amapita ku galaja, makaniko n'kutsegula giyabokosi, kuchotsa giya ya nambala 5 n'kuikamo ina yaitali. Cholinga chawo n'chakuti injini izizungulira pang'onopang'ono pomwe galimoto ikuthamanga liwiro lomwe lija, kuti mafuta azichedwa kutha.

Kodi zimathekadi? Inde zimatheka, koma phindu lake ndi locheperapo kusiyana ndi mmene anthu ambiri amaganizira. Giya sipanga mphamvu, ndipo sichepetsa ntchito yokankha galimoto pamsewu. Chomwe imachepetsa ndi mafuta omwe injini imawononga mkati mwake mwenimweni. Tiyeni tione mmene zimenezi zimachitikira. Tengani calculator yanu, chifukwa masamu ake ndi omwe aja a m'kalasi ya Physics.

Tiyambire pa njinga

Ngati munakwerapo njinga ya magiya, theka la nkhaniyi mukulidziwa kale. Tiyerekeze kuti gudumu la mano la kutsogolo, pomwe pali mapedulo, lili ndi mano 44. Tcheni chikakhala pa gudumu la kumbuyo la mano 22, mukapalasa kamodzi tayala limazungulira kawiri. Mukasamutsira tcheni pa kagudumu ka mano 11, kupalasa kamodzi komweko kumazunguza tayala kanayi.

Pa mano 22 paja miyendo imapepukidwa koma imathamanga kwambiri. Pa mano 11 miyendo imayenda modekha koma imalemedwa. Pa mtunda mumafuna giya yopepuka, pa chigwa mumafuna yolemera. Aliyense amene anayesapo kukwera chitunda ndi giya yolemera amadziwa zotsatira zake: mawondo kuwawa, kenako kutsika n'kuyamba kukankha njinga.

Apa ndiye pali lamulo lalikulu. Mphamvu yopotokola, yomwe mu Physics mumaitchula kuti torque, mukaichulukitsa ndi liwiro la kuzungulira mumapeza power, yomwe ndi kuchuluka kwa ntchito yogwiridwa pa sekondi iliyonse. Giya imangosinthanitsa ziwirizi. Ikakupatsani liwiro imakulandani torque, ikakupatsani torque imakulandani liwiro. Ulere palibe.

Manambala awiri a m'galimoto

Mu galimoto, kuzungulira kwa injini kumadutsa pa magulu awiri a magiya kusanafike ku matayala. Gulu loyamba lili mu giyabokosi, ndipo ndi lomwe dalaivala amasintha. Gulu lachiwiri lili mu difu, ndipo silisintha ulendo wonse. Lililonse lili ndi nambala yake, gear ratio, yomwe imanena kuti chitsulo cholowetsa mphamvu chizungulire kangati kuti chotulutsa chizungulire kamodzi. Nambala ikakhala 3, zikutanthauza kuti kuzungulira katatu kolowa kukubereka kuzungulira kumodzi kotuluka.

Kuti mudziwe kuti injini izungulira kangati pa kuzungulira kumodzi kwa tayala, mumachulukitsa manambala awiriwo. Nambala ikakhala yaing'ono, giyayo amati ndi yaitali, chifukwa galimoto imayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi kwa injini. Giya ya mu giyabokosi yomwe nambala yake ndi yochepera 1 imatchedwa overdrive: chitsulo chotuluka mu giyabokosi chimazungulira msanga kuposa injini.

Chitsanzo chenicheni: Volkswagen Golf TDI

Galimoto imodzi yomwe eni ake ku Ulaya ndi ku America akhala akuisintha giya ya nambala 5 ndi Volkswagen Golf ya m'badwo wachinayi, yomwe inayamba kupangidwa mu 1997. Tikunena ya injini ya dizilo ya malita 1.9, yotulutsa 66 kW, yokhala ndi magiya 5 osintha pamanja. Nambala ya difu yake ndi 3.389. Giya yoyamba ndi 3.778, yachinayi ndi 0.971, ndipo yachisanu ndi 0.756. Mu giyabokosi imeneyi giya yachisanu ili kumapeto, kuseri kwa chivundikiro, moti makaniko amatha kuisintha osatsitsa giyabokosi yonse. Imodzi mwa magiya omwe anthu amaikamo ndi ya 0.658.

Mu giya yoyamba, 3.778 × 3.389 = 12.8. Injini izungulire pafupifupi ka 13 kuti tayala lizungulire kamodzi. N'chifukwa chake giya yoyamba imanyamula galimoto yoima koma sithamanga.

Tsopano tiwerengere liwiro la makilomita 100 pa ola. Tayala la galimotoyi nthawi zambiri limalembedwa 195/65 R15. Nambala 195 ndi m'lifupi mwa tayala mu mamilimita. Nambala 65 ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi 65 peresenti ya m'lifupimo, omwe ndi mamilimita 126.75. Nambala 15 ndi kukula kwa limu mu mainchesi, omwe ndi mamilimita 381. Mukaphatikiza limu ndi makoma awiri mupeza mamilimita 634.5. Chulukitsani ndi π, mupeza kuti tayala likazungulira kamodzi limayenda mamita 1.993.

Makilomita 100 pa ola ndi mamita 1,667 pa mphindi. Gawani ndi 1.993: tayala likuzungulira ka 836 pa mphindi. Ndiye injini?

Ndi giya yakale: 836 × 3.389 × 0.756 = 2,142 pa mphindi.

Ndi giya yatsopano: 836 × 3.389 × 0.658 = 1,864 pa mphindi.

Nambala imeneyi ndi yomwe imaoneka pa wotchi ya RPM kutsogolo kwa dalaivala. Yatsika ndi 278, yomwe ndi 13 peresenti. Pa kilomita iliyonse injini yasiya kuzungulira ka 1,286, tsopano ikuzungulira ka 1,119. Pa ulendo wa makilomita 300, womwe ndi pafupifupi mtunda wochokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, injini ingapulumuke kuzungulira pafupifupi ka 50,000 mutayenda njira yonse mu giya yachisanu.

Apa wina anganene kuti basi, mafuta nawonso atsika ndi 13 peresenti. Dikirani kaye.

Mafuta amapita kuti?

Galimoto yoyenda pa liwiro losasintha pamalo athyathyathya imalimbana ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mpweya. Mukatulutsa dzanja pawindo la minibasi yothamanga mumaumva ukukankha. Mphamvu yokankhayo timaipeza motere: F = ½ × ρ × Cd × A × v². Kulemera kwa mpweya, ρ, ndi pafupifupi makilogalamu 1.2 pa kiyubiki mita. Nambala yosonyeza kuterera kwa kapangidwe ka galimoto, Cd, ndi pafupifupi 0.31 pa Golf yathuyi. Kukula kwa nkhope ya galimoto, A, ndi pafupifupi masikweya mita 2.1. Liwiro, v, ndi mamita 27.8 pa sekondi. Mukawerengera mupeza pafupifupi 300 N. Chulukitsani ndi liwiro kuti mupeze power: pafupifupi 8.3 kW.

Chachiwiri ndi matayala. Tayala likamagubuduka limafinyika pansi n'kubwereranso, ndipo kufinyikako kumadya mphamvu. Pa galimoto yolemera makilogalamu pafupifupi 1,300, tingayerekeze kuti ndi 130 N, yomwe ndi 3.6 kW pa liwiro limeneli.

Zonse pamodzi ndi pafupifupi 12 kW. Onani bwino nambala imeneyi. Mu masamu onsewa mulibe giya. Kaya muli mu giya yachitatu, yachisanu yakale kapena yachisanu yatsopano, mpweya ndi matayala zikufuna 12 kW yomweyo. Onaninso kuti injini yotha kutulutsa 66 kW ikugwiritsa ntchito gawo losakwana limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake.

Ndiye phindu la giya yaitali likuchokera kuti? Likuchokera mkati mwa injini. Injini ya petulo, ngakhale ikugwira ntchito pamalo ake abwino kwambiri, imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mafuta kukhala ntchito. Ya dizilo imafika cha m'ma 40 peresenti. Zotsalazo zimatayika ngati kutentha, kudzera ku ekizozi ndi ku radiyeta. Ikamazungulira msanga koma katundu ali wochepa, gawo lotayikalo limakula.

Ganizirani munthu amene akudzaza mgolo ndi madzi a pa mjigo. Akhoza kuyenda maulendo 20 ndi ndowa yofika theka, kapena maulendo 10 ndi ndowa yodzaza. Madzi ofika mu mgolo ndi amodzimodzi, koma woyenda maulendo 20 uja watopa kwambiri, chifukwa ulendo uliwonse amanyamulanso ndowa ndi thupi lake lomwe. Injini ilinso choncho. Kuzungulira kulikonse kuli ndi msonkho wake. Mapisitoni amakhulana ndi makoma a masilinda. Crankshaft imakhulana ndi mabeyaring'i. Mavavu akuyenera kutsegulidwa, pampu ya oyilo ndi ya madzi zikuyenera kuzunguzidwa. Kukhulana kumeneku ndi friction ija, ndipo imakula injini ikamazungulira msanga. Giya yaitali imachepetsa maulendo n'kudzazitsa ndowa: kuphulika kulikonse kwa mafuta mu silinda kumagwira ntchito yokulirapo, koma kuphulikako kumachitika kochepa.

Pa injini ya petulo pali msonkho winanso. Dalaivala akaponda mafuta pang'ono, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, throttle, kamangotseguka pang'ono. Mapisitoni amavutika kukoka mpweya kudzera pa kampata kakang'onoko, ngati mmene mumavutikira kuyamwa chakumwa ndi kapaipi komwe mwakafinya ndi zala. Mu giya yaitali dalaivala amaponda mafuta kwambiriko kuti asunge liwiro, kachitseko kamatseguka kwambiri, ndipo injini imapuma mosavuta. Zikumveka zachilendo, eti? Phazi latsika kwambiri koma mafuta pa kilomita akuchepa. Injini ya dizilo nthawi zambiri imakoka mpweya mosatsekerezedwa chotere, choncho phindu lake limachokera makamaka ku kuchepa kwa friction.

Tsopano mwaona chifukwa chomwe RPM ikatsika ndi 13 peresenti mafuta satsika ndi 13 peresenti. Gawo lalikulu la mafuta likulipira mpweya ndi matayala, ndipo ngongole imeneyo sinasinthe. Chomwe chachepa ndi msonkho wa mkati mwa injini basi.

Zomwe mumataya

Kumbukirani lamulo la pa njinga lija. Giya ikatalika ndi 13 peresenti, torque yofika ku matayala pa kuponda komweko imatsikanso ndi 13 peresenti. Kupitirira lole pamsewu kumatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi imeneyo muli ku mbali ya magalimoto obwera kutsogolo. Ichi si chinthu chochiseweretsa. Dalaivala wanzeru amabwerera ku giya yachinayi, koma kumeneko injini imalumpha kufika pa 2,751 pa liwiro la 100. Mpata wa pakati pa giya yachinayi ndi yachisanu, womwe unali pafupifupi 600, tsopano wayandikira 900.

Chachiwiri, ndowa ikhoza kulemera mopitirira muyeso. Injini ya Golf imeneyi imatulutsa torque yake yaikulu, 210 Nm, ikamazungulira ka 1,900 pa mphindi. Pa liwiro la 100, giya yatsopano imaiika pa 1,864, pafupi kwambiri ndi malo abwinowo. Koma pa liwiro la 80 imatsika kufika pa 1,492, ndipo pa 60 imafika pa 1,119. Kumeneko turbo, yomwe imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, ilibe utsi wokwanira woti ikankhire mpweya wambiri mu masilinda. Mukaponda mafuta galimoto imanjenjemera, injini imagunda, ndipo klatchi ndi flywheel zimavutika. Injini ya petulo ikapanikizidwa chotere imatha kuyamba kugogoda, zomwe zimawononga mapisitoni.

Apa ndi pomwe msewu umalowerera pa nkhaniyi. Giya ya 0.658 imamuyanja munthu amene amayenda maola ambiri pa liwiro la 110 kapena 120 pa misewu ikuluikulu ya ku Germany kapena ku America. Pa msewu ngati M1 zinthu n'zosiyana. Pali misika ya m'mbali mwa msewu, njinga, oyenda pansi, ziweto, komanso zitunda ngati za ku Chiweta ndi za pakati pa Chikwawa ndi Blantyre. Dalaivala amene sapitirira 80 kawirikawiri akhoza kupezeka kuti akukhalitsa mu giya yachinayi kuposa kale, mafuta n'kumatha kwambiri kusiyana ndi asanasinthe. Ndalama zapita, phindu palibe.

Njira zina ziwiri: difu ndi matayala

Pa magalimoto okoka ndi matayala a kumbuyo, monga mapikapu ambiri, anthu amasintha magiya a mu difu. Mu difu muli gudumu lalikulu la mano ndi kagudumu kakang'ono kolizunguza. Lalikulu likakhala ndi mano 41 ndipo kakang'ono 10, nambala yake ndi 4.10. Kakang'ono kakakhala ndi mano 11, nambala imatsika kufika 3.73, ndipo RPM imatsika ndi 9 peresenti. Vuto ndi lakuti difu imakhudza magiya onse, kuphatikizapo yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo. Pikapu yodzaza matumba a chimanga idzavutika kunyamuka pa chitunda, ndipo klatchi idzatha msanga. Galimoto ikakhala ya 4×4, difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zikuyenera kusinthidwa zonse kuti zikhale ndi nambala yofanana, apo ayi matayala azikanganirana liwiro mpaka china chithyoke.

Njira yachitatu ndi kuika matayala aakulu. Mukachotsa 195/65 R15 n'kuika 205/70 R15, kutalika kwa tayala kumachoka pa mamilimita 634.5 kufika 668, komwe ndi kukula ndi 5 peresenti. RPM itsikadi ndi 5 peresenti. Koma sipidomita imawerenga kuzungulira, sidziwa kuti tayala lakula. Ikamaonetsa 100, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 105, ndipo wapolisi wa pamsewu samva zoti munasintha matayala. Kuwonjezera apo tayala lalikulu ndi lolemera, ndipo limakweza galimoto m'mwamba moti mpweya umaikankha kwambiri. Phindu lomwe mwapeza ku injini likhoza kuthera komweko.

Opanga magalimoto anazidziwa kalekale

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1934 galimoto ya Chrysler Airflow ya ku America inali kale ndi overdrive. Nkhaniyi inakula mu 1973, mayiko a Aluya opopa mafuta atachepetsa mafuta ogulitsa kunja, mitengo n'kukwera kwambiri. Mu 1974 dziko la America linakhazikitsa lamulo loti magalimoto asapitirire mamailosi 55 pa ola, omwe ndi pafupifupi makilomita 89, pofuna kupulumutsa mafuta. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Volkswagen inkagulitsa magalimoto otchedwa Formel E, omwe giya yawo yomaliza inkalembedwa chilembo E m'malo mwa nambala, kusonyeza kuti ndi yosungira mafuta.

Vuto la mpata waukulu pakati pa magiya analithetsa powonjezera magiya ambiri. Mu 2009 magalimoto ena a BMW anayamba kutuluka ndi giyabokosi ya magiya 8 yopangidwa ndi kampani ya ZF ya ku Germany, ndipo Ford F-150 ya 2017 inali ndi magiya 10. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan omwe timawaona m'misewu mwathu, monga Honda Fit ndi Nissan Note, ali ndi CVT. Imeneyi ilibe masitepe: lamba wachitsulo amayenda pakati pa mapule awiri omwe amakula ndi kuchepa, ndipo kompyuta imasankha nambala yoyenera mphindi iliyonse. Pa magalimoto otere palibe chifukwa chenicheni chosinthira magiya. Omwe angapindule kwambiri ndi magalimoto akale a magiya 4 kapena 5, omwe injini yawo imalira kwambiri pa msewu waukulu.

Kuyeza ngati wasayansi

Munthu akasintha giya n'kunena kuti galimoto yasiya kumwa mafuta, mufunseni kuti anayeza bwanji. Kuchepa kwa phokoso kumanyenga makutu. Njira yabwino ndi kudzaza thanki mpaka pakamwa, kulemba makilomita, kuyenda ulendo, kudzazanso n'kugawa makilomita ndi malita omwe alowa. Achite zimenezi kangapo asanasinthe ndiponso atasintha, pa msewu womwewo, liwiro lomwelo, katundu yemweyo ndi mpweya wofanana m'matayala. Mu sayansi timasintha chinthu chimodzi pa nthawi, zina zonse zikhale momwemo.

Kenako pali funso la ndalama. Tingoyerekeza kuti galimoto imamwa malita 5 pa makilomita 100, ndipo giya yatsopano yachepetsa ndi 5 peresenti. Phindu ndi kota ya lita pa makilomita 100. Kuti mupulumutse malita 50 mukuyenera kuyenda makilomita 20,000 mu giya yachisanu. Fananizani mtengo wa malita 50 ndi mtengo wa giya kuphatikiza malipiro a makaniko, muone kuti ndalamazo zingabwerere patapita nthawi yaitali bwanji.

Bwereraninso ku v² ya mu masamu a mpweya aja. Pa liwiro la 120 mpweya umakankha Golf yathu ndi pafupifupi 430 N, pomwe pa 100 ndi 300 N. Kungotsitsa liwiro ndi makilomita 20 pa ola kumachepetsa kukankhako ndi pafupifupi 30 peresenti, popanda sipanala kapena tambala. Kupopa matayala mokwanira ndi kuchotsa katundu wa padenga kumathandizanso, chifukwa kumachepetsa ngongole yaikulu ija yomwe giya singaikhudze.

Nayi ntchito yanu. Pali giya ina yachisanu yomwe imalowa mu giyabokosi yomweyi, ya 0.681. Pezani RPM ya injini pa liwiro la 100 ndi pa 80. Yankho loyamba likhale pafupi ndi 1,930. Mukatero muganizire msewu womwe mumaudziwa bwino, zitunda zake ndi liwiro lomwe magalimoto amayendadi pamenepo, kenako musankhe pakati pa 0.756, 0.681 ndi 0.658. Mukonzekere kufotokozera anzanu a m'kalasi chifukwa chake, ndi manambala.